Ma header a kompyuta ina musawasakanize ndi anu: zomwe ndinakumana nazo pa pulogalamu ya sikelo ya tiyi

Mu Novembala 2024 gulu lina la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Thyolo linandipatsa ntchito yooneka yopepuka. Pa ofesi yawo pali kompyuta yakale yolumikizidwa ku sikelo ndi chingwe cha RS-232 chodzera pa USB. Mlimi akaika thumba la masamba pa sikelo, pulogalamu imawerenga kulemera kwake, kulemba pa nambala ya mlimiyo, n'kutulutsa lisiti. Ankafuna ndiwonjezere zinthu ziwiri: kuchotsera kulemera kwa thumba lopanda kanthu, ndi lipoti la pamwezi la mlimi aliyense. Anandiuza kuti zithe mvula isanakhazikike, chifukwa kuyambira Disembala tiyi amaphukira kwambiri ndipo mzere wa pa sikelo sulola zoyeserera. Ndinalonjeza masiku anayi. Zinatenga masiku 19, ndipo ambiri mwa masikuwo anathera pa vuto limodzi lomwe silikanabwera ndikanayamba ndafunsa kompyuta yawoyo mafunso awiri.

Mafunsowo ndi `gcc --version` ndi `ldd --version`. Loyamba limakuuzani vesheni ya GCC, yomwe ndi compiler, chida chosandutsa code yolembedwa ndi munthu (source) kukhala pulogalamu yoyenda, lachiwiri vesheni ya glibc, laibulale ya C yomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse pa Linux imatsamirapo. Kompyuta ya pa ofesipo ili ndi Ubuntu 20.04, yomwe imabwera ndi GCC 9 ndi glibc 2.31. Laputopu yanga ili ndi Ubuntu 24.04, ya GCC 13 ndi glibc 2.39. Ine ndinangokopera foda ya source pa fulashi n'kukwera kabaza kubwerera ku Luchenza, osayang'ana chilichonse cha izi. Pulogalamuyo inalembedwa kalekale ndi munthu amene anachoka: mbali yaikulu ili mu C++, kenako mafayilo awiri a C olankhula ndi sikelo pa `/dev/ttyUSB0` pa liwiro la 9600, ndi fayilo ya `.so` (laibulale yomangidwa kale) yochokera kwa opanga pulinta ya malisiti.

Usiku woyamba `make`, lamulo lomanga pulogalamu potsatira fayilo ya Makefile, inalavula ma error ambirimbiri. Awa anali achilungamo, ndipo ndikuwatchula kuti muziwasiyanitsa ndi amene anabwera pambuyo pake: onse ankaloza mafayilo a mu foda ya pulogalamuyo. Gwero lake n'lakuti Makefile sinatchule `-std=`, chosankhira muyezo wa chilankhulo, paliponse. GCC 9 mukapanda kuiuza imatenga malamulo a C++14, pamene kuyambira GCC 11, ya 2021, imatenga C++17. Mlembi wakale anali ataika `throw` yotsatiridwa ndi dzina la vuto kumapeto kwa mitu ya mafankishoni, zomwe C++17 inachotsa, ndiye compiler inati `ISO C++17 does not allow dynamic exception specifications`. Mankhwala ake ndi kungofufuta chidutswacho. Analinso ndi `typedef unsigned char byte;` yakeyake pamodzi ndi `using namespace std;` mu header imodzi (header ndi fayilo yotchula mayina a mafankishoni ndi mitundu, yomwe mafayilo ena amaitana ndi `#include`), ndipo poti C++17 inabweretsa `std::byte`, dzinalo linakhala ndi eni awiri: `reference to 'byte' is ambiguous`. Ndinachotsa `using namespace std;` mu header ija n'kulemba `std::` pofunika. Ena anali a `uint8_t` ndi `std::numeric_limits` zosadziwika. Kale ma header a C++ ankakokerana okha, moti munthu akaika `<string>` ankapezeramo zambiri mwamwayi. GCC 11 ndi GCC 13 zinadula zambiri mwa zingwezo, ndiye muyenera kulemba nokha `<limits>` ndi `<cstdint>`. Pomaliza linker, chida cholumikiza zidutswa zomangidwa ndi malaibulale kukhala pulogalamu imodzi, inadandaula za `multiple definition`, chifukwa variable ina inali mu header ya C popanda `extern`, ndipo kuyambira GCC 10 zoterezi sizikhululukidwanso. Zonsezi zinatha m'maola atatu.

Error imodzi ndinaiputa ndekha. Pofuna kuti Makefile ioneke yadongosolo ndinaika `-std=c17` pa mafayilo a C, ndipo nthawi yomweyo `CRTSCTS` inakhala `undeclared`, `cfmakeraw` nayo n'kubwera ndi chenjezo la `implicit declaration`. Ziwirizi si za muyezo wa C, ndi zowonjezera za glibc mu `termios.h`, ndipo mukapempha C yeniyeni yopanda zowonjezera, `features.h` imazibisa. Lembani `-std=gnu17`, kapena ikani `#define _DEFAULT_SOURCE` pamwamba penipeni pa fayilo, `#include` iliyonse isanabwere. Apa ndi pamene ndinayenera kuzindikira kuti zomwe header imakuonetsani zimasintha malinga ndi muyezo womwe mwapempha. Sindinazilabadire. Ndinaika `-std=c++20`, ndinalemba lipoti lonse ndi `std::format`, chosanjira mawu ndi manambala cha C++20, ndi `std::span` pa mabayiti ochokera ku sikelo, ndipo pa laputopu zonse zinayenda bwino.

Tsiku lachinayi ndinafika pa ofesi m'mamawa, alimi atayamba kale kutula matumba pakhonde. Ndinakopera pulogalamu yatsopano pamwamba pa yakale, osasunga yakaleyo pena. Musachite zimenezo, lembani kaye `cp sikelo sikelo.yakale`. Pulogalamu inakana kudzuka, n'kulemba mizere itatu yofanana kamangidwe: `GLIBC_2.34` sinapezeke, `GLIBC_2.38` sinapezeke, `GLIBCXX_3.4.32` sinapezeke. Kunja kunali amayi oposa makumi awiri, ena atakhala pa matumba awo, dzuwa likukwera. Masamba a tiyi akakhalitsa othinana m'thumba amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo akatero amakanidwa. Kalaliki anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tiyambe kulemba m'kope?" Mtima unandigunda kwambiri, ndipo manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawaiwale. Chinandipulumutsa n'chakuti source yakale inali ikadali pa kompyutapo pamodzi ndi g++ 9, compiler ya C++ ya GCC, ndiye `make` inabweza pulogalamu yakale. Koma panali patadutsa pafupifupi ola, ndipo anthu khumi ndi awiri oyamba anawalemba pamanja.

Tanthauzo la mizere itatu ija ndinalimvetsa mochedwa, koma ndilifotokoze pano. glibc imalola pulogalamu yomangidwa pa vesheni yakale kuyenda pa yatsopano, osati mobwerera. Pulogalamu iliyonse yomangidwa pa glibc 2.34 kapena kupitirira imafuna `__libc_start_main` ya 2.34, ngakhale itakhala yongolemba moni. Ya 2.38 ndiyo yobisika kwambiri. Muyezo wa C23 unalola `strtol` kuwerenga manambala oyamba ndi `0b`, ndiye kuyambira glibc 2.38 header ya `stdlib.h` imatembenuza dzinalo mwakachetechete kukhala `__isoc23_strtol`. Simufunika kupempha C23 kuti izi zichitike: g++ pa Linux imayatsa `_GNU_SOURCE` nthawi zonse, ndipo `std::stoi` yomwe ndinkawerengera nayo nambala ya mlimi imaitana `strtol` mkati mwake. Yachitatu ndi ya laibulale ya C++: kungoika `<iostream>` pa GCC 13.2 kumafuna `GLIBCXX_3.4.32`, pamene Ubuntu 20.04 imathera pa 3.4.28. Zonsezi mukhoza kuziona muli kunyumba, musanawononge ndalama ya ulendo:

`objdump -T sikelo | grep GLIBC`

Nambala iliyonse yoposa ya kompyuta yomwe mukupitako ndi chizindikiro choti musanyamuke.

Tsiku lomwelo ndinayesa kumanga source yatsopano pa kompyuta ya ofesi. g++ 9 inakana `-std=c++20`, chifukwa iyo imadziwa dzina lakale la `-std=c++2a`, ndipo nditasintha inati fayilo ya `format` kulibe. `std::format` inafika mu GCC 13 basi. Njira yachidule inali pamaso panga: kuchotsa `std::format` n'kumangira pomwepo. Koma ndinali nditaigwiritsa ntchito malo ambiri, pa ofesipo palibe intaneti, ndipo kompyutayo imakhala yotanganidwa mpaka madzulo. Ndinaganiza zonyamula ma header a kompyutayo kupita nawo kunyumba, poganiza kuti compiler yanga ikawaona, itulutsa pulogalamu yogwirizana ndi glibc 2.31. Ndinakopera `/usr/include` yonse pa fulashi. Ngakhale kukoperako kunali kolakwika, chifukwa fulashi ya FAT32 sisunga ma symlink (mafayilo ongoloza ku mafayilo ena) komanso sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, moti `xt_mark.h` ndi `xt_MARK.h` za mu `linux/netfilter` zimawombana. Foda yotere imanyamulidwa ndi `tar`.

Kunyumba ndinawonjezera mu Makefile `-I` ziwiri zouza compiler kokafufuza ma header, imodzi yoloza foda ya ma header akalewo, ina yoloza `x86_64-linux-gnu` ya mkati mwake. Mafayilo awiri a C anadutsa popanda dandaulo, ndipo zimenezi zinandinamiza kuti ndili pa njira yabwino. Itafika pa C++, ma error anasefukira mpaka kupitirira pomwe terminal imasunga. Nthawi ino palibe ndi imodzi yomwe inkaloza fayilo yanga. Ena anali mu `/usr/include/stdlib.h`, akuti `expected initializer before '__attr_dealloc_free'`. Ena anali mu `bits/floatn.h` ndi `bits/floatn-common.h` za mu foda yakale, akuti `multiple types in one declaration` pa mizere ngati `typedef float _Float32;` ndi `typedef __float128 _Float128;`. Pansi pake panali mazana ena a mu `/usr/include/c++/13`, omwe anali ana chabe a oyambawo.

Masiku asanu otsatira ndinkachiza zizindikiro. Ndinaika `-fpermissive`, yomwe inachepetsa chiwerengero koma osathetsa kanthu. Ndinatsitsa muyezo kufika `-std=c++17`, ndipo ma error a `_Float32` anakhalabe, kuwonjezera apo `std::format` n'kusowa. Ndinafufuta ma `typedef` aja mu foda yakale, ena n'kutulukira kwina. Kenako ndinachita choipa kuposa zonse. Poona kuti madandaulo akuchokera mu `/usr/include/stdlib.h` ya laputopu yanga, ndinagwiritsa ntchito `sudo cp` kuika `stdlib.h`, `stdio.h` ndi `wchar.h` zakale pamwamba pa zatsopano. M'mawa mwake ndinafuna kumanga kantchito kena kosakhudzana ndi sikelo, ndipo kanakana. Ndinalemba pulogalamu ya mizere inayi yongosindikiza moni, nayonso inakana: `fatal error: bits/sys_errlist.h: No such file or directory`. `stdio.h` ya 2.31 imaitana fayilo imeneyo, koma glibc inaichotsa pa 2.32. Laputopu yomwe ndimadyera inali itasiya kumanga chilichonse, ndipo magetsi atathima madzulo amenewo ndinakhala mumdima ndikuganiza kuti ndiyenera kufufuta zonse n'kuikanso Ubuntu.

Sizinafike pamenepo. Ngati mwagwa m'dzenje lomweli, `dpkg --verify libc6-dev` imakuonetsani mafayilo onse a phukusilo amene asinthidwa, aliyense pa mzere wake wokhala ndi nambala 5 posonyeza kuti zamkati sizikugwirizana ndi zoyambirira. Kenako `sudo apt install --reinstall libc6-dev` imawabweza m'malo mwake, ndipo data yake ndi yochepa kwambiri. Ma header a C++ ali mu `libstdc++-13-dev`, a kernel ali mu `linux-libc-dev`. Ngati simukudziwa mwini wa fayilo, `dpkg -S` ndi njira ya fayiloyo imakuuzani. Chilichonse cha mu `/usr/include` ndi cha package manager, ndipo dzanja lanu lisalembemo.

Sabata imeneyo a tcheyamani a gulu la alimi lija anandiimbira. Ndi bambo wachikulire wolankhula modekha, ndipo sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ngati yakukanikani tiuzeni msanga, tisamayembekezere mvula ndi inu pamodzi." Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndipatseni sabata imodzi yokha, ikadutsa ndibweza ndalama ya chikole ija." Nditadula foni ndinasiya kuyesa zinthu mwachisawawa, n'kuyamba kufunsa compiler kuti ikutenga chiyani, kuchokera kuti.

Malamulo atatu ndi amene anatsegula maso anga. Loyamba ndi kuwonjezera `-fmax-errors=1`, kuti compiler iime pa error yoyamba; enawo nthawi zambiri amangotsatira. Lachiwiri limaonetsa mafoda amene compiler imafufuzamo, motsatana kwake:

`echo | g++ -x c++ -E -v -`

Lachitatu ndi `-H`, yomwe imasindikiza header iliyonse yomwe yatsegulidwa, ndi madontho kutsogolo osonyeza kuti yaitanidwa ndi iti. Nditaika `-H` pa fayilo imodzi ndi `-I` zanga zija, ndinaona ndi maso anga mizere ikusinthana: `features.h` ndi `sys/cdefs.h` zikuchokera mu foda yakale, koma `stdlib.h` ikuchokera mu `/usr/include` ya laputopu.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndi mtima wa nkhani yonseyi. Mafoda a `-I` amakhala patsogolo pa mndandanda, kenako `/usr/include/c++/13`, kenako foda ya compiler yeniyeniyo, `/usr/include` n'kukhala kumapeto. Header ya `<cstdlib>` ili mu `c++/13`, ndipo siitana `stdlib.h` mwa nthawi zonse: imagwiritsa ntchito `#include_next`, kutanthauza kuti kufufuza kuyambire pa foda yotsatira, osabwerera kumayambiriro. Motero inadumpha foda yanga yakale n'kukatenga `stdlib.h` ya 2.39. Koma `sys/cdefs.h` imaitanidwa ndi `#include` wamba, yomwe imayambira pamwamba, ndiye inabwera ya 2.31. `stdlib.h` yatsopano imagwiritsa ntchito `__attr_dealloc_free`, macro (dzina lomwe header ina imayenera kulitanthauzira) yomwe inalowa mu `sys/cdefs.h` pa glibc 2.34. Ya 2.31 siidziwa, ndiye compiler inaona liwu lachilendo kumapeto kwa fankishoni n'kuima. Mafayilo a C anadutsa chifukwa iwo sadzera mu `<cstdlib>`, anatenga `stdlib.h` yakale pamodzi ndi `cdefs.h` yake.

Za `_Float32` zili ndi gwero lina. Kale g++ inalibe mitundu ya manambala imeneyi, ndiye glibc inkaipangira ndi `typedef` ikaona kuti fayilo ndi ya C++. GCC 13 inaiika mkati mwa compiler, potsatira C++23 yomwe inabweretsa `std::float32_t` ndi anzake, ndipo mayinawo anakhala osungidwa pa muyezo uliwonse, n'chifukwa chake kutsika ku C++17 sikunathandize. Header yakale ikalemba `typedef float _Float32;`, kwa GCC 13 zili ngati yalemba mitundu iwiri motsatana popanda dzina. glibc inakonza zimenezi pa 2.37, ya 2023, poika chofufuza vesheni ya GCC. GCC nayo ili ndi chida chotchedwa fixincludes, chomwe pa nthawi yomanga compiler chimakopera ma header ovuta, kuwakonza, n'kuwasunga mu foda ya `include-fixed`. Koma GCC ya pa laputopu yanga inamangidwira glibc yomwe inali yokonzedwa kale, ndiye inalibe chigamba cha 2.31. Izi zikutanthauzanso kuti `--sysroot`, yomwe ndi njira yovomerezeka youzira compiler kuti itenge ma header ndi malaibulale onse pamalo amodzi, ikanandigwetsabe pa `floatn.h` ndi compiler imeneyi.

Chomwe chinandiwawa kwambiri n'kuzindikira kuti ngakhale ma error onse akanatha, ulendo ukanapitabe pachabe. Manambala a `GLIBC_2.34` aja saikidwa ndi ma header. Amaikidwa ndi linker, poyang'ana `libc.so.6` ndi fayilo yoyambitsira pulogalamu zomwe yapeza, ndipo izo zinali za 2.39. Ndinayesanso `-static-libstdc++ -static-libgcc`: dandaulo la `GLIBCXX` linachoka, awiri a glibc anatsala. `-static` yathunthu, yomwe imalowetsa malaibulale onse mkati mwa pulogalamu, imathandiza pa mapulogalamu ang'onoang'ono oima paokha, koma yanga imadalira `.so` ya pulinta ija, ndipo fayilo yotere silowa mu pulogalamu ya static.

Njira yomwe inagwira ndi kumanga Ubuntu 20.04 yaing'ono mkati mwa foda pa laputopu, kuti compiler, ma header ndi malaibulale zonse zikhale za banja limodzi. Ndinadikira usiku pamene netiweki imakhala yopepuka:

`sudo apt install debootstrap`

`sudo debootstrap --variant=buildd --components=main,universe focal /opt/focal`

Dzina la `focal` ndi la Ubuntu 20.04. `buildd` imabweretsa `make`, gcc ndi g++ 9, ndipo `universe` ndi yofunika chifukwa g++-10 ili kumeneko. Netiweki ikaduka pakati, bwerezani lamulolo. Kenako ndinalowetsa foda ya ntchito ndi kulowamo ndi `chroot`, lamulo lochititsa kuti `/opt/focal` ioneke ngati ndiyo kompyuta yonse:

`sudo mount --bind /home/ine/sikelo /opt/focal/mnt`

`sudo chroot /opt/focal`

Mkatimo ndinalemba `apt update`, kenako `apt install g++-10`. Zonse pamodzi sizinadye data yofika 500 MB, pamene m'masiku a m'mbuyomo ndinali nditatha mabandulo awiri ndikungofufuza mauthenga a ma error amene sindinkawamvetsa. Amene muli ndi Docker kapena Podman, chithunzi cha `ubuntu:20.04` chimachita zomwezo. Chenjezo limodzi lalikulu pa chroot: musanafufute `/opt/focal` ndi `rm -rf`, lembani kaye `sudo umount /opt/focal/mnt`, apo ayi mufufuta source yanu yeniyeni, chifukwa foda ya `mnt` ija si kope, ndi khomo lolowera ku foda yanu.

Ndinachotsa `-I` zonse ziwiri ndi `-fpermissive` mu Makefile, ndinaika `CXX=g++-10`, ndipo ndinayamba ndi `make clean`. Musaiwale sitepe imeneyi, chifukwa mafayilo a `.o` omangidwa ndi GCC 13 akatsala, `make` imawaona ngati atsopano n'kuwalowetsa, `__isoc23_strtol` n'kubweranso ngati `undefined reference`. Nthawi ino panatuluka error imodzi yokha, yomveka: `format` kulibe. GCC 10 imalandira `-std=c++20` ndipo ili ndi `<span>`, koma ilibe `std::format`. Ndinakhala pansi n'kusintha malo onse kukhala `snprintf`, ndi `%.1f` pa makilogalamu ndi `%05d` pa nambala ya mlimi. Ntchito yomwe ndinaithawa kwa masiku oposa khumi inatha m'maola awiri. `objdump -T` sinaonetse nambala yoposa 2.31 ku glibc kapena 3.4.28 ku `GLIBCXX`.

Ulendo wotsatira ndinafika masana, sikelo itapuma. Ndinasunga pulogalamu yakale pa dzina lina, ndinaika yatsopano, ndipo ndinayamba ndi `ldd sikelo` kuona ngati pali mzere wa `not found`. Panalibe. Ine ndi kalaliki tinanyamula thumba la feteleza la 50 kg lomwe linali pakona n'kuliika pa sikelo. Nambala ya pa galasi la sikelo ndi ya pa kompyuta zinafanana, pulinta inalira, ndipo lisiti linatuluka litachotsera kale kulemera kwa thumba. Tinabwereza kasanu ndi manambala a alimi osiyanasiyana, kenako tinatulutsa lipoti la Okutobala n'kuliyerekeza ndi kope lawo. Kalaliki anati, "Achimwene, tsopano ndiye ndigona." Ine miyendo inali italefuka, ndipo ndinakhala kaye pa benchi ndisanawaimbire a tcheyamani.

Mtengo wake unali uwu: masiku 15 opitirira pa lonjezo, maulendo awiri a minibasi ndi kabaza amene sanabale kanthu, mabandulo aja, tsiku limodzi lathunthu lokonza laputopu yomwe ndinaiwononga ndekha, ndi ntchito ina ya ku Mulanje yomwe ndinaibweza chifukwa chosowa nthawi. Malipiro anga anachedwa mpaka Januwale, popeza komiti inali itakumana kale ine ndisanamalize, ndipo pamenepo ndilibe wodandaulira.

Patapita miyezi ndinabwereranso ku mafayilo awiri a C aja, chifukwa vuto la mtundu womwewu likubwera kwa aliyense wosunga code yakale. Ubuntu 24.04 ili ndi phukusi la `gcc-14`, ndipo nditayesa nalo, fankishoni imodzi yomwe inkaitanidwa popanda header yake inasanduka error. Kuyambira GCC 14, ya 2024, `implicit declaration`, kusakaniza ma pointer osagwirizana, ndi kuika pointer mu `int` sizilinso machenjezo chabe. GCC 15, ya 2025, inapita patsogolo: mukapanda kutchula muyezo imatenga C23, momwe `bool`, `true` ndi `false` ndi mawu osungidwa. Mlembi wakale uja anali ndi `typedef unsigned char bool;`, yomwe pa C23 siloledwa; ndinaichotsa n'kuika `<stdbool.h>`, yomwe imagwira pa miyezo yonse kuyambira C99. Pa C23 komanso, mutu wa fankishoni wokhala ndi mabulaketi opanda kanthu umatanthauza kuti fankishoniyo silandira chilichonse, pamene kale unkatanthauza kuti sizinatchulidwe, ndiye kuitana kulikonse kopereka kanthu kumakanidwa ndi `too many arguments`. Ndinalemba mitu yonse mokwanira. Mu Makefile tsopano muli `-std=gnu17` pa C ndi `-std=c++20` pa C++, zolembedwa poyera, kuti compiler ya m'tsogolo isasankhe yokha. Mukafuna kudziwa muyezo womwe g++ yanu ikutenga pakali pano, `g++ -dM -E -x c++ /dev/null | grep __cplusplus` imayankha 201402 pa C++14, 201703 pa C++17, ndi 202002 pa C++20.

Ubuntu 20.04 inasiya kulandira zokonza zaulere za nthawi zonse mu 2025, ndiye ndinauza komiti kuti kompyutayo iyenera kukwezedwa m'miyezi ya chiperoni, tiyi akachepa, osati pakati pa dzinja. Ikadzakwezedwa, pulogalamu yomangidwa pa glibc 2.31 idzayendabe pa yatsopanoyo, bola `.so` ya pulinta iyesedwe kaye. Pakadali pano mu kabati ya ofesi muli fulashi yokhala ndi source, Makefile, ndi `focal.tar.gz` ya chroot yonse, yomwe ndinaimanga ndi `tar` nditachita kaye `umount`. Pambali pa kompyutayo ndinamata kapepala kolembedwa ndi pentopeni: Ubuntu 20.04, glibc 2.31, g++-10, mangirani mu focal.